Mayi wangochira kumene, msana wathyoka thyo: kodi ndi kuyamwitsa?

Mlangizi wa amayi, kwa Chimwala

Zikomo nonse a m'bwalo lino. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa za mafupa ndi za uchembere.

M'mudzi wina womwe timayendera muli mayi wachitsikana wa zaka 22. Ndi uchembere wake woyamba, anachira bwinobwino miyezi 3 yapitayo ndipo mwana akuyamwa mwakathithi. Msana unayamba kumuwawa mimba ili ndi miyezi 8, aliyense n'kumati ndi kulemedwa chabe, akachira zitha. Sizinathe. Masabata atatu apitawa, akutula ndowa ya madzi pamutu, anamva kuti thyo pakati pa msana n'kukhala pansi pomwepo. Kuyambira tsikulo kuti adzuke pamphasa mpaka wina amugwire, akatsokomola kapena kuyetsemula amachita kukuwa, ndipo kubereka mwana kumbuyo kwakanikiratu. Mayi ake akuti wafupika, ndipo inenso ndikuona kuti wayamba kuwerama. Kuchipatala chapafupi anamupatsa Panado ndi Brufen. Kumudziko akumuthowa ndi madzi otentha, ena akufuna akamutemere mphini, pomwe azakhali ake akuti mwana akumuyamwa mafupa, angomuletsa bere.

Kodi mimba ndi kuyamwitsa zingafooketsedi mafupa mpaka kuthyoka popanda ngozi? Tikapita naye ku boma tikapemphe chiyani? Nanga bere aletse kapena ayi?

Wa chipinda cha mafupa, Mangochi boma

Achemwali, mwachita bwino kufunsa msanga. Matendawa alipo, amatchedwa osteoporosis, kutanthauza kufooka kwa mafupa, ya pa mimba ndi poyamwitsa. Ndi osowa kwambiri, n'chifukwa chake amachedwa kuzindikirika. Amayi ochuluka amamva msana akakhala ndi pakati kapena akangochira, ndipo pafupifupi onsewo mafupa awo ali bwino. Koma zimene mwatchulazi sizichitika pa msana wamba: ululu wobwera mwadzidzidzi pa ntchito yaing'ono, ululu wobaya potsokomola, ndi kufupika. Komanso kawirikawiri matendawa amagwira pa mimba yoyamba, m'miyezi yomaliza kapena miyezi yoyambirira mayi atachira. Zonsezi zikugwirizana ndi mayi wanuyo.

Msana ndi timafupa tosanjikizana, ndipo mkati mwake muli ngati chisa cha njuchi. Tikafumbwa mkatimo, kunja timaonekabe tathunthu ngati chimanga cholowa anankafumbwe, koma tikalemedwa timaphwanyika. Mbali ya kutsogolo ndiyo imafinyika, ya kumbuyo n'kutsala momwemo, ndiye munthu amafupika n'kuwerama. Nthawi zambiri sikakhala kamodzi, timakhala titatu kapena tinayi, makamaka pamene pathera nthiti.

Musananyamuke chitani izi. Tsegulani buku lake la kuchipatala, muone kutalika kumene analemba tsiku loyamba la sikelo, ndipo mumuyezenso. Ngati watsika ndi masentimita 2 kapena kuposa, lembani. Kenako aime chotsamira khoma, zidendene ndi matako zikhudze khomalo, muone ngati nkhongo ikufika. Pomaliza ikani zala m'mbali mwake, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Pakangolowa zala ziwiri kapena kuchepera, msana wafupikadi. Ziwerengero zimenezi zimapangitsa kuti womuona asangoti ndi msana wa uchembere.

Kuchipatala chachikulu pemphani kuonana ndi clinical officer wa mafupa, ndipo ajambulidwe X-ray ya msana ya cham'mbali, yogwira pakati ndi m'munsi momwe. Chithunzi cha kutsogolo chokha chimabisa kuphwanyikaku, ndipo chojambula m'chiuno mokha chimasiya malo amene amathyoka kwambiri. X-ray siwononga mkaka, akhoza kuyamwitsa atangotuluka m'chipindamo. Dziwaninso kuti X-ray imaonetsa kuthyoka, koma kufooka kwenikweni kwa fupa imakuonetsa mochedwa, fupa litataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Choyeza kulimba kwa mafupa ndi makina a DXA, ndipo makina ojambulira a MRI ndiwo amasiyanitsa bwino kuthyoka kwatsopano ndi matenda ena. Zikafunika, ndiye nkhani ya kalata yopita ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre.

Pano ndikufuna nditsindike, chifukwa kuno kwathu kuli matenda ena amene amafanana ndi amenewa koma ndi ofala kuposa. Woyamba ndi TB ya msana. Funsani ngati akuonda, akutuluka thukuta usiku, akutentha thupi madzulo, kapena ngati m'nyumbamo muli wodwala chifuwa chachikulu. Pa X-ray, TB imadya timafupa tiwiri toyandikana pamodzi ndi kachichereche ka pakati pake, pomwe osteoporosis imasiya kachicherecheko kali bwino. Wachiwiri ndi likodzo. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, mazira a likodzo nthawi zina amakafika mu mtsempha waukulu wa mumsana, munthu n'kuyamba kumva msana ndi kufooka miyendo. Palinso matenda a impso, amene amabwera ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza. Choncho ayezedwe magazi, mkodzo, HIV, impso, ndi makhololo ngati akutsokomola.

Ngati miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi chikungotuluka, kapena akulephera kukodza, thamangirani naye kuchipatala, musadikire kuti kuche. Ndipo paulendowo asakwere njinga yamoto kapena kabaza. Kudumpha kwa m'mabampu kungaphwanye kafupa kena. Agone chagada m'galimoto, pa matiresi.

Zikatsimikizika, ululu waukulu umatenga masabata 6 mpaka 12 kuti uzizire. Agone masiku ochepa okha, chifukwa kugona kwa nthawi yaitali kumafooketsanso mafupa. Ayambe kuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Asasenze ndowa, poti ya malita 20 ndi makilogalamu 20 otsikira pa timafupa tothyokato. Asasinje, asalime, asachape chowerama, asasese ndi tsache lalifupi, asabereke mwana. Podzuka atembenuke thupi lonse pamodzi n'kugonera nthiti, atsitse miyendo, adzikankhe ndi mikono. Kudzuka pansi pamphasa n'kovuta, ndiye ngati pali bedi amusiyire iyeyo. Kuchimbudzi muzikeni mtengo wogwira ponyonyomala ndi poimirira. Panado mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, osapitirira kanayi pa tsiku. Brufen amwe atadya, ndipo asamuphatikize ndi Indocid kapena Diclofenac wa pa golosale, poti onsewa ndi a mtundu umodzi ndipo amapweteka m'mimba ndi impso. Kuthowa ndi madzi ofunda palibe vuto. Kupondaponda msana kapena kuukoka kuti uwongoke, ayi ndithu.

Mzamba wa ku Namwera

Ine ndiyankhe za bere, chifukwa mawu a azakhaliwo akafalikira angaletse amayi ambiri kuyamwitsa popanda chifukwa.

Mwana akamabadwa mafupa ake amakhala ndi kashiamu, yemwe amalimbitsa mafupa, pafupifupi magalamu 30, ndipo magawo 8 mwa 10 amawatenga m'miyezi itatu yomaliza ya mimba. Nthawi imeneyo thupi la mayi limadziwa kudziteteza: matumbo amayamwa kashiamu wa m'chakudya mowirikiza kawiri, ndiye mafupa a mayi sataya wambiri. Poyamwitsa m'pamene zimasintha. Mkaka umatulutsa kashiamu woposa mamiligalamu 200 tsiku lililonse, ndipo thupi limamutenga makamaka m'mafupa a mayi. Zimachitika chifukwa mayi woyamwitsa mwakathithi saona msambo, homoni ya estrogen yomwe imateteza mafupa imatsika, ndipo bere lenilenilo limatulutsa homoni ina yosungunula kashiamu m'fupa. M'miyezi 6 msana ungataye magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulimba kwake.

Izi zimachitikira mayi aliyense woyamwitsa, ndipo si matenda. Msambo ukabwerera ndipo mwana akayamba kudya, mafupa amadzazanso okha, ambiri pakati pa miyezi 6 ndi 12 atasiyitsa bere. Amayi obereka ana asanu ndi awiri n'kuwayamwitsa onse zaka ziwiriziwiri sathyoka msana. Amene amathyoka ndi ochepa kwambiri, ndipo kawirikawiri mafupa awo anali ofooka kale mimba isanabwere, mwina mwa chibadwa, mwina chifukwa cha kuonda kwambiri, matenda kapena mankhwala. Mimba ndi bere zimangoulula.

Ndiye asaletse bere lero chifukwa cha mawu a kumudzi. Ajambulidwe kaye. Pakadali pano aziyamwitsa chogonera nthiti, pilo kapena chitenje chopinda chili pakati pa mawondo, wina azimupatsira mwana n'kumuchotsa. Asamunyamule yekha kuchoka pansi.

X-ray ikaonetsa kuti timafupa tathyokadi, madokotala amalangiza kusiyitsa, chifukwa bere likamapitirira fupa limapitirira kutaya. Koma mwana wa miyezi 3 kumudzi kumuchotsa ku bere si nkhani yamasewera. Amafunika mkaka wa m'chitini wa ana oyamba, mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Wa makilogalamu 6 ndiye mamililita 900, ndipo chitini chimodzi chimatha sabata isanathe. Madzi awire, asazizire kupitirira mphindi 30 musanasungunule, muyeze ndi kasupuni ka m'chitinimo osachepetsa kuti mkaka ukhalitse, mumwetse ndi kapu osati botolo, ndipo wotsala mutaye pakatha maola awiri. Kuchepetsa ufa ndi kumwetsa mkaka wogona ndi zimene zimabweretsa kunyentchera ndi kutsegula m'mimba. Mkaka wa ng'ombe, wa mbuzi, wa ufa wothira mu tiyi kapena phala lamadzi sizoyenera mwana wosakwana miyezi 6.

Ngati banjalo silingakwanitse kugula mpaka mwana atakula, anene poyera kuchipatala, asachite manyazi. Pamenepo dokotala ndi banja akhoza kugwirizana kuti ayamwitse mosamala mpaka miyezi 6, kenako asiyitse mwana atayamba phala. Ndi chisankho choyeza moyo wa anthu awiri, ndipo chipangidwe bambo wa mwanayo ndi amayi ake a mtsikanayo ali pomwepo, poti ndi amene adzatunge madzi ndi kulera mwanayo.

Wa za kadyedwe, Monkey Bay

Amayi a ku Namwera anena zoona, ndipo ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri sachiyembekezera. Kumwa kashiamu wambiri sikuletsa mafupa kutaya pamene mayi akuyamwitsa, chifukwa choyendetsa zimenezo ndi mahomoni. Ntchito ya chakudya ndi yoti mayi atenge mimba mafupa ali olimba, asapereweredwe powonjezera, ndiponso fupa lipeze zomangira likayamba kudzaza. Choncho musamuuze kuti usipa ulumikiza msana. Koma adye ndithu.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 pa tsiku, ndipo wosakwana zaka 19 amafunika 1,300 popeza mafupa ake eni akukulabe. Nsima ya ufa woyera ilibe kashiamu woti n'kuwerengera. Mnofu wa chambo kapena kampango ndi wabwino pa zomanga thupi, koma kashiamu ali mu minga imene timataya. Chuma chathu ndi nsomba zing'onozing'ono zodya ndi mitu ndi minga yomwe: usipa, bonya, matemba, kambuzi wa ku Malombe. Magalamu 100 a zoumazi amadutsa mamiligalamu 1,000, ndiye dzanja limodzi lodzadza, magalamu ngati 30, lamupatsa kale gawo lalikulu. Cholakwika chofala ndi kudula mitu ya usipa pophika. Ngati ukuwawa, chotsani matumbo okha. Njira ina ndi kuukazinga pang'ono, kuusinja n'kukhala ufa, n'kumathira masupuni awiri m'phala kapena mu ndiwo zamasamba. Wosinjayo asakhale wodwalayo.

Kapu ya mkaka kapena chambiko ya mamililita 250 ili ndi mamiligalamu pafupifupi 300. Mawere ali ndi oposa 300 pa magalamu 100, choncho phala la mawere kapena thobwa la chimera chake likuposa la chimanga. Malambe ali mbwee kuno, ufa wake uli ndi kashiamu ndi vitamini C. Chitowe chosapuntha nachonso n'cholemera, mukhoza kutendera nacho ngati nsinjiro. Pa masamba, repu, mpiru, chigwada, chitambe, nkhwani ndi cham'mwamba n'zabwino. Bonongwe ali naye wambiri, koma gawo lina limamangika ndipo thupi silimutenga yense, ndiye asadalire bonongwe yekha. Mchere wambiri umatulutsa kashiamu mu mkodzo, choncho nsomba zothira mchere azinyika kaye m'madzi. Dothi limene amayi apakati amadya si kashiamu, limangobweretsa njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi.

Kashiamu salowa bwino popanda vitamini D, ndipo ameneyu timamupeza padzuwa. Mangochi dzuwa silisowa, koma mayi wobindikira m'nyumba chichokere m'chikuta, kapena wovala mofunda thupi lonse akatuluka, akhoza kupereweredwa. Sizifuna kusintha kavalidwe. Akhale kuseri kwa mpanda, mikono ndi miyendo zili padzuwa, mphindi 20 mpaka 30 masiku ambiri a sabata. Dzuwa lolowera pa galasi la zenera silithandiza.

Mlangizi wa amayi, kwa Chimwala

Zikomo kwambiri nonse. Buku taliona, pa sikelo analemba masentimita 158, lero tapeza 154. Miyendo ili bwino, sakutentha thupi. Galimoto yapezeka ya Lachinayi. Ndifunsenso chimodzi, osati za iyeyu yekha: m'magulu athu amayi ambiri ali pa ma ARV, ndipo ambiri akangochira amathamangira jakisoni wolera wa Depo. Kodi mankhwalawa ali ndi gawo pa mafupa?

Wa ku famase

Achemwali, ali nalo, koma mukawafotokozere mosamala kuti wina asataye mankhwala ake.

Piritsi la TLD limene ambiri akumwa lili ndi tenofovir, ndipo ameneyu amatsitsa kulimba kwa mafupa pang'ono, makamaka chaka choyamba kapena chachiwiri. Kachilombo kosamwera mankhwala nakonso kamafooketsa mafupa, ndipo kamapita kwa mwana kudzera mu mkaka. Ndiye palibe woti asiye. Amene wathyoka fupa popanda ngozi akanene ku kiliniki ya ART kuti ayezedwe impso, ndipo iwo ndi amene angaone ngati pakufunika kusintha.

Msampha weniweni uli apa: mapiritsi a kashiamu ndi a ayironi amagwira dolutegravir, amenenso ali mu TLD, m'mimba n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Amwe TLD maola 2 asanamwe kashiamu, kapena maola 6 atamwa. Njira yosavuta ndi TLD m'mawa, kashiamu masana ndi madzulo pa chakudya. Kashiamu ndi ayironi nazonso zimalimbana, azitalikitse maola angapo.

Pogula werengani bwino pa botolo. Piritsi la calcium carbonate lolembedwa 1,250 lili ndi kashiamu weniweni mamiligalamu 500 okha. Thupi silitenga bwino oposa pamenepo nthawi imodzi, ndiye awiri pakamodzi ndi kutaya ndalama. Limwedwe ndi chakudya, ndi madzi ambiri chifukwa limadzimbitsa, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi ndi msana wothyoka n'kowawa. Vitamini D nthawi zambiri amapereka mayuniti 800 mpaka 1,000 pa tsiku. Kwa amayi apakati a m'madera amene kashiamu ndi wochepa m'zakudya, bungwe la WHO limalangiza magalamu 1.5 mpaka 2 pa tsiku, koma cholinga chake ndi kupewa kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba.

Depo ndi Sayana Press ndi mankhwala amodzi, ndipo amatsitsa estrogen, mafupa n'kutaya pang'ono chaka ndi chaka. Mayi akasiya amabwezeretsa ochuluka, choncho kwa amayi ambiri ndi njira yabwinobwino. Koma kwa amene wathyoka kale msana si yoyenera. Lupu sikhudza mafupa, ndipo ya pamkono siwafooketsa ngati jakisoni. Asachoke kuchipatala opanda njira yolera, chifukwa akangosiyitsa bere chitetezo cha kuyamwitsa chathera pomwepo.

Ena oyenera kuwafunsa ndi amene amamwa prednisolone miyezi yambiri pa mphumu kapena nyamakazi, a khunyu amene ali pa phenobarbitone, phenytoin kapena carbamazepine, ndi amene anabayidwa heparin nthawi yaitali ali ndi pakati. Samalaninso ndi timapiritsi ta dexamethasone togulitsa pamsika kuti munthu anenepe. Timeneto timadya mafupa koopsa.

Alendronate, amene amapatsa agogo ofooka mafupa, musamugulire nokha. Amakhala m'fupa zaka zambiri, ndipo kwa mayi wa zaka 22 wofunanso kubereka ndi katswiri yekha angaganize zimenezo. Akatswiri ambiri amayamba awona kaye mmene fupa likudzazira lokha atasiyitsa. Codeine asamwe akuyamwitsa, amagonetsa mwana mpaka kubanika.

Wa chipinda cha mafupa, Mangochi boma

Masentimita 4 ndi ambiri, achemwali, ngakhale titachotsapo kulakwitsa kwa muyezo. Tengani bukulo, ndipo ziwerengero ziwirizo muzinene poyambirira penipeni.

Mumukonzekeretse pa chinthu chimodzi: ululu udzatha ndipo fupa lidzalimba, koma msinkhu umene wataya subwerera. Chimene tikuteteza tsopano ndi timafupa totsalato. Ululu ukazizira apemphe a physiotherapy amuphunzitse zolimbitsa minofu ya kumbuyo, zowongola msana osati zowerama. Lamba wa msana amathandiza masabata oyamba, koma kumuvala miyezi yambiri kumafooketsa minofu. Mimba ina si yoletsedwa, ngakhale kuti mwa amayi ena vutoli limabwereranso. Adikire zaka zosachepera ziwiri, aonane ndi dokotala asanatenge pakati, ndipo zilembedwe m'bukumo kuti azamba adzadziwe.

Popeza mumayendera amayi apakati, dziwaninso mtundu wina wa matenda omwewa umene umagwira pamene ntchafu yalumikizana ndi chiuno. Umabwera m'miyezi itatu yomaliza ya mimba: mayi amamva kuwawa m'mphechepeche kapena kutsogolo kwa ntchafu, amatsimphina, akaponda pansi ululu umakula, akagona umachepa. Umatha wokha pakapita miyezi ingapo atachira, koma akaukakamiza mutu wa fupa la ntchafu ukhoza kuthyoka. Woteroyo ayende ndi ndodo ziwiri, asiye kusenza, amwe Panado osati Brufen popeza ali ndi pakati, ndipo akachirire kuchipatala chachikulu kumene azamba akudziwiratu kuti miyendo yake siyofunika kuikankha mwamphamvu pobereka.